Miyala ya m'Ndulu ndi Zimene Dokotala Amafuna Pansi pa Nthiti

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amaidziwa ndulu. Ndi kathumba kobiriwira kaja komatirira kunsi kwa chiwindi, kamene mayi amachotsa mosamala ndi nsonga ya mpeni poopa kuti kakaphulika ndiwo yonse iwawa. Munthu nayenso ali nako. Kamakhala kudzanja lamanja, kuseri kwa nthiti zam'munsi. Kutalika kwake ndi masentimita 7 mpaka 10, ndipo kamasunga madzi okwana mamililita 30 mpaka 50. Madziwo amachokera m'chiwindi, chimene pa tsiku chimatulutsa okwana theka la lita kapena kuposerapo. Kathumbako kamangowasunga. Munthu akadya chakudya chamafuta kamadzifinya n'kuwathira m'matumbo kuti mafutawo agayike.

M'madzi osungidwawa nthawi zina mumayamba kuundana timibulu, timene timakula pang'onopang'ono kwa zaka mpaka kusanduka miyala. Ina imakhala yotuwirako kapena yachikasu, yopangidwa ndi mafuta a m'thupi otchedwa kolesitero. Ina ndi yakuda, ndipo imachokera ku zotsalira za maselo ofiira a magazi amene aphwanyika. Wina amakhala ndi mwala umodzi waukulu, wina timiyala makumimakumi. Chodabwitsa n'chakuti mwa anthu 10 amene ali ndi miyala imeneyi, pafupifupi 8 sadzamva kanthu moyo wawo wonse. Mavuto amayamba mwala ukasuntha n'kukatseka njira.

Dzanja la munthu silingaukhudze mwala wa m'ndulu, ngakhale dokotalayo akhale katswiri chotani. Mwala umaoneka pa sikani. Koma sikani sipezeka pa kiliniki iliyonse ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kum'mawa kwa Zambia. Chipatala chachikulu cha m'derali ndi St Francis, chimene chinatsegulidwa mu 1948 pafupi ndi boma la Katete ndipo chimayendetsedwa mogwirizana ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika. Ku Sinda kuli chipatala cha mishoni cha Nyanje cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Wa ku Vubwi, kumalire a Malawi ndi Mozambique, akafuna chipatala chachikulu maso ake amaloza ku Chipata. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, koma mtunda wa pakati pa mudzi ndi chipinda cha opaleshoni sunafupike chifukwa cha zimenezo. Choncho namwino kapena clinical officer wa pa kiliniki yakumudzi, amene ali ndi maso, makutu, manja, chopimira kutentha kwa thupi ndi makina a BP, ali ndi mlandu woti agamule: wodwala uyu abwerere kunyumba n'kudzapita ku sikani sabata yamawa, kapena anyamuke usiku womwe uno? Kapena mwina vuto lake si ndulu n'komwe?

Safunsa anadya phula

Kuyeza kumayamba ndi pakamwa. "Amayi, pakuwawa pati? Lozani ndi dzanja." Wodwala zilonda zam'mimba kawirikawiri amaloza ndi chala chimodzi pamwamba pa mchombo, pamene nthiti zimakumana. Wa miyala ya m'ndulu angathe kuloza pomweponso, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Koma nthawi zambiri amayala dzanja lonse pansi pa nthiti zakumanja n'kulikoka mozungulira kupita kumsana, kunsi kwa fupa la phewa.

Ululu wa mwala umene watseka khomo la ndulu uli ndi khalidwe lake. Umayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri madzulo kapena pakati pa usiku, munthu atadya zonona. Umakwera msanga n'kukhazikika, osati womabwera n'kumapita ngati wa kupotokola kwa matumbo. Umatha mphindi 30 kapena maola angapo, kenako umazilala wokha mwalawo ukabwerera m'kati. Munthu amachita nseru, amasanza, amatuluka thukuta. Kupita kuchimbudzi sikuthandiza, kusintha kagonedwe sikuthandizanso. Wofunsa wanzeru safulumira kutchula mafuta, chifukwa wodwala waulemu amavomera chilichonse chimene dokotala wanena. Amangofunsa kuti, "Tsiku limenelo munadya chiyani?" Akamva za nyama yankhumba yonona ya pamsika, vitumbuwa, kapena ndiwo zokazinga ndi saladi wambiri, amasunga mumtima. Pano tisaunamizire mtedza, umene alimi a kuno kum'mawa amaudalira. Nsinjiro sizibala miyala. Mafuta aliwonse amangochititsa kuti ndulu idzifinye, ndipo ngati mwala unalimo kale, kufinyako n'kumene kumaukankhira pakhomo.

Pali mafunso ena amene sayenera kudumphidwa ngakhale mzera wa odwala utafika panja. Zinachitikapo kale? Thupi likutentha, mukunjenjemera? Mkodzo wasintha mtundu? Chimbudzi chatuwa? Thupi likuyabwa? Mwaonda osadziwa chifukwa? Kwa mayi wa msinkhu wobereka, mwezi anauona liti? Ndipo mwamwa chiyani kunyumba? Funso lomalizali lifunsidwe mosakalipa, chifukwa anthu amabisa. Wina wamwa Brufen kapena diclofenac kwa masabata, mankhwala amene pawokha amatha kuyambitsa zilonda m'chifu. Wina wamwa mizu ya kwa asing'anga, ndipo mizu ina imapweteka chiwindi. Wina ali pa mankhwala a TB kapena ma ARV, amene ena mwa iwo amabweretsa chikasu.

Miyala imakonda amayi kuposa abambo, makamaka amene abereka kangapo, opitirira zaka 40, onenepa, ndiponso amene aonda mofulumira kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku Uganda, ankaika miyala ya m'ndulu pa mndandanda wa matenda osowa m'midzi ya mu Africa, ndipo chifukwa chake ankati ndi zakudya zosakonola kwambiri. Maganizo amenewo anakhazikika m'mitu ya ophunzira zachipatala. Koma kadyedwe kasintha, shuga ndi saladi zafika m'kagolosale kalikonse, anthu akukhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo makina a sikani akuonetsa miyala imene kale inkalowa m'manda ndi mwini wake osadziwika. Palinso gulu limene silikwana m'chithunzi cha mayi wonenepa uja: ana ndi achinyamata a matenda a sickle cell. Magazi awo amaphwanyika mosalekeza, ndipo ambiri amakhala ndi miyala yakuda asanafike zaka 20. Mwana wotere akamalira m'mimba, n'kosavuta kunena kuti ndi matenda ake omwe aja. Nthawi zina ndi ndulu.

Maso asanafike manja

Woyeza amayamba kuona wodwala akulowa pakhomo. Amene mwala wamutsekera kumene sakhazikika: amadzuka, amawerama, amagwira m'nthiti, amayendayenda. Amene ndulu yake yatupa ndipo kutupako kwakhudza nembanemba yokuta m'mimba amachita zosiyana. Amagona phee, amapuma modukizadukiza, safuna kutsokomola, ndipo amadandaula kuti mabampu a pamsewu anamupweteka pobwera pa njinga kapena pa ngolo. Mawu amenewo okha ndi chizindikiro chachikulu.

Kenako kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, BP ndi kapumidwe. Zimaoneka ngati mwambo chabe, koma ndi zimene zimasiyanitsa wodwala woti adikire ndi woti athamangitsidwe. Ululu wa mwala wongotseka n'kubwerera subweretsa kutentha thupi. Thupi likatentha, ndiye kuti penapake patupa kapena palowa tizilombo.

Chikasu chimafunidwa m'maso. Pa khungu lakuda sichioneka msanga, choncho woyeza amakweza chikope cham'mwamba n'kuuza wodwala ayang'ane pansi, kuti aone mbali yoyera ya diso imene siwombedwa ndi dzuwa ndi fumbi. Anthu ambiri akumudzi mbali yoonekera ya maso awo imakhala yoderako mwachibadwa kapena chifukwa cha utsi wa kukhitchini, ndipo chimenecho si chikasu. Amayang'ananso kunsi kwa lilime. Zonsezi zimafuna kuwala kwa dzuwa. Pa nyali yachikasu kapena tochi ya foni maso amanama, n'chifukwa chake woyeza wodziwa ntchito amamutengera wodwala pawindo. Chikasu chikamayenda pamodzi ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa ndi zipsera za kudzikanda, zimaloza kuti njira yaikulu yotsitsa madzi a ndulu kupita m'matumbo yatsekeka. Pokweza chikope chija amatsitsanso cham'munsi kuti aone ngati magazi ndi ochepa.

Tsopano mimba. Wodwala agone chagada, mutu pa pilo mmodzi, manja m'mbali, mawondo atapinda pang'ono kuti minofu imasuke. Mimba ionekere kuyambira pansi pa mabere mpaka m'chiuno, kwina konse kufundidwe ndi chitenje. Mikanda ya m'chiuno siilowa m'nkhaniyi, ndipo palibe chifukwa chomuchititsira munthu manyazi nayo. Bambo akamayeza mayi, pakhale namwino wamkazi kapena wachibale amene mayiyo wamusankha yekha, pajatu si aliyense woperekeza amene angaone mimba ya mnzake. Apongozi adikire panja.

Pakhungu pamalembedwa mbiri. Chipsera cha opaleshoni yakale chimanena zake. Mphini zimanenanso zake, ndipo woyeza amene amazinyoza amataya umboni waulere. Sing'anga amatema pamene wodwala waloza. Mphini zatsopano pansi pa nthiti zakumanja zikutanthauza kuti ululu uli pamenepo masiku ano. Zakale zouma pamalo omwewo zikutanthauza kuti vutoli lakhala likubwerera kwa miyezi kapena zaka, ngakhale mwini wake atanena kuti layamba dzana.

Dzanja la Murphy

Woyeza amaima kudzanja lamanja la wodwala. Amapukusa manja ake kaye kuti afunde, makamaka m'miyezi ya June ndi July, chifukwa dzanja lozizira limaumitsa mimba ya munthu wabwinobwino. Amamvetsera matumbo ndi chomvera chake, amagogoda pang'onopang'ono ndi chala kuti adziwe pamene chiwindi chayambira ndi pamene chathera. Pokhudza, sayambira pamene pakuwawa. Amayambira kutali, kumunsi chakumanzere, ndi dzanja loyala, mopepuka, n'kumazungulira mpaka kufika kumanja pomalizira. Maso ake sakhala pamimba koma pankhope ya wodwala. Anthu a kwathu, makamaka amayi achikulire, anaphunzitsidwa kupirira. Mukawafunsa kuti, "Pakuwawa, ambuya?" amayankha kuti, "Pang'ono chabe, mwanangu," uku nsidze zitakwinyika ndipo zala zitagwira m'mphepete mwa bedi.

Ndulu yabwinobwino sikhudzika, imabisala kuseri kwa chiwindi. Koma munthu akakoka mpweya, chiwindi chimatsika ndipo ndulu imatsika nacho. Dokotala wina wa opaleshoni wa ku Chicago, John Benjamin Murphy, anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi pa njira imene anaifotokoza mu 1903, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Woyeza amaika zala pansi penipeni pa nthiti zakumanja, pa mzere wotsika kuchokera pakati pa fupa lopingasa la pansi pa khosi. Amauza wodwala atulutse mpweya, amakanikiza pang'ono, kenako amati, "Kokani mpweya wambiri, amayi, mpaka m'kati." Ngati ndulu ndi yotupa, ikamatsika imagunda zalazo, ndipo wodwala amadula mpweya pakati mosafuna, nkhope itasintha. Kudukiza kwa mpweyako ndiye chizindikiro, osati kungonena kuti pakuwawa. Woyeza amachitanso chimodzimodzi kumanzere. Ngati nakonso mpweya ukuduka, ndiye kuti nkhani ndi ina.

Njira imeneyi ndi yothandiza, koma ili ndi malire amene ophunzira amaiwala. Kwa okalamba ndiponso odwala shuga, ndulu ingathe kutupa mpaka kuyamba kuwola koma chizindikirocho osaoneka. Mankhwala amphamvu opha ululu angathe kuchifooketsanso, ngakhale kuti chimenecho si chifukwa chomusiyira munthu akubuula. Amupatse mankhwala, n'kukumbukira kuti wamupatsa. Ndipo chiwindi chotupa kapena chokhala ndi chithupsa cha mafinya chimathanso kudula mpweya mofananamo.

Chovuta kwambiri ndi wodwala amene alibe chizindikiro chilichonse. Ululu unamugwira usiku, mudzi uli kutali, anadikira kuche. Pofika pa kiliniki mwala wabwerera m'kati, mimba ndi yofewa, thupi silikutentha, maso ndi oyera. Manja sapeza kanthu chifukwa pa ola limenelo palibe choti apeze. Odwala otere ndi amene amazungulira zaka ndi dzina la zilonda zam'mimba, akumwa mankhwala a asidi amene amaoneka ngati akuthandiza chabe chifukwa ululuwo umatha wokha. Kwa ine, apa ndi pamene woyeza wabwino amadziwikira: amakhulupirira nkhani yomveka bwino ya wodwala ngakhale manja ake atabwerako opanda kanthu, ndipo amalemba kalata ya sikani.

Pamene palibe kudikira

Ululu ukapitirira maola 6 osatsika, thupi likutentha, chizindikiro cha Murphy chilipo, ndiye kuti ndulu yatupa. Wodwala ameneyu ndi wogonekedwa m'chipatala: asadye kaye, alandire diripi, mankhwala opha tizilombo ndi opha ululu, ndipo aonedwe ndi a opaleshoni. Mimba ikauma gwa ponseponse, mwina nduluyo yaboola, kapena chaboola ndi chilonda cha m'chifu. Zonse ziwiri njira yake ndi imodzi, ya ku chipinda cha opaleshoni.

Choopsa kuposa zonse chinafotokozedwa ndi Jean-Martin Charcot wa ku Paris mu 1877. Zizindikiro zake ndi zitatu pamodzi: ululu pansi pa nthiti zakumanja, chikasu, ndi kutentha thupi konjenjemeretsa. Mwala watsika n'kutseka njira yaikulu, madzi a ndulu aima, tizilombo taswana m'menemo ndipo tikulowa m'magazi. Mu 1959 madokotala Reynolds ndi Dargan anawonjezapo ziwiri zosonyeza kuti munthu ali pafupi kutayika: kutsika kwa BP ndi kusokonezeka mutu. Vuto la kuno n'lakuti munthu wotentha thupi, wonjenjemera, wa maso achikasu ndi wobwebweta, aliyense amati ndi malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo. Kuyeza magazi a pachala n'koyenera. Koma m'dera limene malungo ndi ofala, munthu angathe kupezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi uku chikumupha ndi china. Ngati pansi pa nthiti zakumanja pakuwawa kwambiri pokhudza ndipo chimbudzi chatuwa, mizere iwiri ya pa kachipangizo koyezera malungo isatseke maganizo a woyeza. Apereke mankhwala a malungo, ayambe opha tizilombo, aitane ambulansi.

Mwala womwewo ukatsekera kumunsi kwenikweni ungathe kutupitsa pancreas, chiwalo chopanga insulin chimene chimagona kuseri kwa chifu. Pamenepo ululu umakhala pakati, woboola mpaka kumsana, kusanza kosalekeza, ndipo wodwala amapezako bwino akakhala tsonga atawerama.

Nthawi zina zala zimakumana ndi chotupa chosalala, chobulungira, chotsika ndi mpweya, koma chosawawa, mwa munthu wa maso achikasu amene wakhala akuonda. Ludwig Courvoisier wa ku Basel analemba mu 1890 kuti zikatero kawirikawiri si miyala. Ndulu imene yavutika ndi miyala kwa zaka imakhwinyata n'kulimba, siifufuma. Yofufuma mosawawa imaloza chotupa chimene chafinya njira pang'onopang'ono, monga khansa ya pancreas. Uthenga wake ndi wolemera, ndipo si woti uperekedwe pa khonde munthu asanapite ku sikani.

Pansi pa nthiti zakumanja pali eni malo ambiri, ndipo m'dera lino ena mwa iwo ndi ofala kuposa miyala. Chiwindi chachikulu, cholimba, cha mabampu mwa bambo wachinyamata amene akuonda chimakumbutsa khansa ya chiwindi, imene imayenda ndi kachilombo ka hepatitis B ndi poizoni wa chuku cha pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Chiwindi chowawa ndi kutentha thupi kwa masabata chingakhale chithupsa cha amiba. Kapamba wamkulu kumanzere ndi mimba yodzaza madzi zimaloza likodzo la m'matumbo kapena chiwindi chimene chauma ndi kachasu. Chibayo cha kumunsi kwa phapo lamanja chimatha kumveka ngati cha m'mimba, makamaka kwa ana, n'chifukwa chake woyeza samaliza asanamvetsere kumsana. Mwa munthu wachikulire wa shuga kapena BP, ululu wa pamwamba pa mchombo ndi thukuta ungakhale mtima. Ndipo mayi woyembekezera wa miyezi yomalizira akadandaula pansi pa nthiti zakumanja, choyamba kugwira ndi makina a BP, chifukwa ululu umenewo ungakhale chenjezo la kukomoka kumene kumapha mayi ndi mwana. Awa ndi maphunziro amene ma clinical officer a dziko lino akhala akulandira kusukulu ya ku Chainama ku Lusaka kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yake imaonekera pa kiliniki ya chipinda chimodzi.

Sikani ndi zotsatira zake

X-ray wamba sathandiza kwenikweni, chifukwa mwa miyala 100 ya m'ndulu, 10 mpaka 15 yokha ndi imene imaoneka. Sikani ya ultrasound, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera, imaona miyala ya m'kathumbako pafupifupi nthawi zonse, imaonetsa ngati khoma lake lakhuthala, ndiponso ngati njira yaikulu yafufuma. Siwawa ndipo ilibe vuto kwa mwana wosabadwa. Wounikayo amathanso kukanikiza ndi chipangizo chake pa ndulu yeniyeniyo akuiona, n'kubwereza njira ya Murphy mosaphonya malo.

Miyala yongopezeka mwangozi, yosavutitsa, kawirikawiri imasiyidwa. Imene yayamba kubweretsa ululu mobwerezabwereza mankhwala ake ndi kuchotsa ndulu yonse, osati miyala yokha, chifukwa thumba likatsala limapanganso ina. Carl Langenbuch anachita opaleshoni yoyamba yotere ku Berlin mu 1882, ndipo mu 1985 Erich Mühe, wa ku Germany komweko, anaichita kudzera pa timabowo ting'onoting'ono. Njira yong'amba pansi pa nthiti ikugwirabe ntchito bwino lomwe kumene zipangizo za timabowo kulibe. Anthu ambiri amaopa kuti munthu sangakhale moyo wopanda ndulu. Amakhala, amalima, amabereka. Chiwindi chimapitiriza kupanga madzi aja ndipo amatsikira m'matumbo mwachindunji. Za kumwa mafuta osakaniza ndi mandimu kuti miyala ituluke, zimene zikuyenda pa WhatsApp, musazimvere. Timibulu tobiriwira timene timatuluka m'chimbudzi ndi mafuta omwewo ataundana m'matumbo, miyala yeniyeni ili m'malo mwake.

Ngati mwapatsidwa tsiku la sikani, musadye kanthu kwa maola 6 musanaunikidwe, ngakhale phala kapena tiyi wamkaka, chifukwa ndulu ikadzifinya miyala imabisika ndipo ulendo wanu upita pachabe. Madzi akumwa okha ndi ololedwa. Ngati mumamwa mankhwala a shuga, funsiranitu mmene muchitire tsiku limenelo. Tengani kalata yanu ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa, a kusitolo ndi a kumudzi omwe. Koma ngati maso asanduka achikasu, thupi likutentha ndipo pansi pa nthiti zakumanja pakuwawa, musadikire tsiku la pa kalata, musadikirenso kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo.